Mkunga wa Pamiyala

Ana anga, mwakhala mukundifunsa za nsungwi ija ili pamwamba pa kabati kuchipinda kwanga, yakuda, yong'aluka kumapeto, imene amayi anu amaipukuta fumbi uku akung'ung'udza. Iwe Tadala unalawapo mkwapulo chifukwa cha iyo, tsiku lija unaitsitsa kuti ugwetsere mango. Sindinakuuze chifukwa chake, ndipo ndikudziwa kuti unandiona ngati bambo wankhanza. Pano ndapuma ntchito, nthawi ndili nayo yambiri, mawondo okha ndiwo akukana. Ndiye khalani pansi muwerenge zimene ndakulemberanizi. Za ubwana wanga ku Mpingu ndizisiya, agogo anu anakusimbirani kale mowonjezera mchere.

1995, Namitete

Ntchito ya ulangizi wa nsomba ndinaiyambira ku Namitete, patangotha chaka chisankho cha zipani zambiri chitachitika. Ndinatsika minibasi ndi sutikesi, matiresi opyapyala ndi satifiketi ya kusukulu ya za nsomba, imene ndinaikutira m'pulasitiki kuopa chiswe. Boma linandipatsa njinga yakapalasa, chingwe choyezera, ndi khoka lobooka malo atatu. Ntchito yanga inali youza alimi a chimanga ndi fodya kuti akumbe maiwe m'madambo mwawo, aziwetamo makumba ndi chilunguni. Anthu ankandimvetsera mwaulemu, ine nditangotembenuka n'kuyamba kuseka. Mkulu wina wa mpingo anandifunsa pamaso pa gulu kuti, "Kodi aphunzitsi, nsombazo tikaziweta zizibwera tikaziitana ngati nkhuku?" Ndinamuyankha kuti inde, azingogogoda chidebe cha madeya. Patapita miyezi isanu anadzandipeza kunyumba thukuta lili kamukamu, akuti zabweradi.

Bwana wathu ankakhala ku ofesi ku Lilongwe. Dzina lawo ndilisiya, poti anatisiya kale ndipo sanali munthu woipa. Ife alangizi tinkawatcha a Pofika-Lachisanu, chifukwa chilichonse ankachifuna pofika Lachisanu: lipoti, mayina a alimi, maiwe okumbakumba, ngakhale mvula akanatha akanaiitanitsa pofika Lachisanu. Kumudzi sankafikako kawirikawiri. Galimoto yawo inkangothera pomwe pathera msewu wabwino, n'kutumiza uthenga kuti tibwere. Zosowa zinali zosayamba. Mbewu ya nsomba ndinkainyamula m'zigubu panjinga, dzuwa likuswa mtengo, kukafika kwa mlimi theka litayang'ana mimba kumwamba. Khoka lija ndinkalisoka ndekha ndi ulusi wa matumba a feteleza. Komabe maiwe anakumbidwa, anthu anadya nsomba zawozawo, ndipo ine mutu unakula. Ndinayamba kuyenda ndi zolembera ziwiri pathumba la malaya, n'kumakonda kuti anthu azinena kuti palibe cha m'madzi chimene alangizi sachidziwa.

1998, Kabudula

Anandisamutsira ku Kabudula nditangokwatira amayi anu. Kumeneko ndi kumene mutu uja unaphwera, ndipo unaphwa tsiku limodzi.

Unali mwezi wa Okutobala, masana, ndikuchokera koyeza dambo. Ndinamva amayi akukuwa kumtsinje kuti, "Njoka! Njoka!" Malowo anthu ankangowatcha Pamiyala. Kamtsinje kena kotsikira ku Bua kankakhota pamenepo n'kupanga dziwe lolekeza m'chiuno, lodzaza miyala yakuda yosanjikizana, pansi pake mchenga woyera, m'mbali bango ndi mikuyu iwiri. Madzi ake anali oyera oti unkaona zala zakumapazi, ndipo sankaphwa ngakhale chilimwe chivute bwanji. Amayiwo ankakokolola matemba ndi chitenje, ndiye m'chitenjemo munalowa chinthu chachitali ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, chofiirira, chamawangamawanga. Anachiponyera pamchenga, chikupiringizika. Mayi wina atandiona anati, "Eya, alangizi afika. Atiuze ndi iwowa." Ine ndinaima patali ndithu, n'kuyang'ana ngati munthu wodziwa, ndi kunena mokweza kuti imeneyo ndi njoka ya m'madzi, yaululu woopsa. Kenaka ndinatola mtengo ndi kuimaliza ndekha. Amayi anandiyamikira kuti ndine mwamuna.

Pomwepo panatsika bambo wina wamtali, woonda, wovala kachipewa koyera kothaitha, atanyamula makheni awiri othirira nazale ya fodya. Anatula makheniwo, n'kunyamula chinthu chija ndi manja ake awiri. Amayi anabalalika akukuwa.

"Mwapha ndiwo, alangizi," anatero mofatsa.

"Bambo, tayani icho, chikulumani!"

"Chafa ichi. Komanso chikanakhala chamoyo sichikanandiluma. Tabwerani, musaope. Kodi njoka ili ndi zipsepse? Onani apa, kuseri kwa mutu. Nanga timabowo topumira iti, njoka ili nato? Uwu ndi mkunga, nsomba yakwathu."

Anandigwira dzanja ngati mwana wa sukulu ndi kuyendetsa chala changa pamsana pake kuchokera kumchira kupita kumutu. Ndinabayidwa. Pamsana ponsepo panali mzere wa timinga tating'ono tolimba, togona ukamasisita chopita kumchira koma todzuka ukabwerera. Anandionetsa mphuno yake, yaitali, yosongoka, yofewa kunsonga, yokhala ndi timachubu tiwiri. Anakanda khungu ndi chikhadabo kuti ndione mamba, ang'onoang'ono obisika m'kuterera kwake. "Ali nawo mamba," anatero, "n'chifukwa chake ngakhale ife Asilamu a kwathu amene timakana mlamba, uwu timadya." Ana anga, chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti nsomba imeneyo ndinali nditaionapo. Inali m'botolo la mankhwala kusukulu kuja, itayezuka, ndipo funso lake pamayeso ndinakhoza. Amayi aja anabwerera mmodzimmodzi, akundiyang'ana cham'mbali. Mayi uja anandiitana poyamba anangoti, "Ndiye si njoka, eti alangizi?" Ndinayankha kuti nkhaniyi tiifufuzabe.

Bamboyo anali Che Amidu, tenanti pa esiteti ina ya fodya kutsidya kwa kamtsinjeko. Kwawo kunali m'mbali mwa Shire, cha ku Liwonde, kumene anakulira m'bwato. Anabwera kuno ndi akazi awo, Abiti Saidi, ndi ana atatu, pa lole yodzatenga anthu olima fodya, akuganiza kuti akhala dzinja limodzi. Pamene tinkakumana anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi, akusintha maesiteti, kwawo osapondako. Mawa lake ndinawatsatira kuchigafa cha fodya, manyazi ndawasiya kunyumba, ndi kuwapempha kuti andiphunzitse. Anaseka mpaka kutsokomola. "Boma kuphunzira kwa tenanti? Chabwino, bwerani Lachisanu ndikachoka kumapemphero."

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse masana, lipoti la bwana litapita, ndinkatsetsereka ndi njinga kupita Pamiyala. Tinkakhala pamwala waukulu pansi pa mkuyu, mapazi m'madzi, osayankhula mokweza. Che Amidu ndi amene anandiphunzitsa kuyang'ana. Ankaloza mng'alu pakati pa miyala iwiri, ine osaona kanthu, mpaka maso atazolowera n'kuona kamphuno kakusuzumira, kakugwedezeka kuno ndi uko kununkhiza madzi. Anandionetsa pamchenga pomwe mkunga wadzikwirira thupi lonse, kungotsala maso ndi mphuno. Masana umabisala, ankatero, umayenda kukada, kusaka nyongolotsi, tizilombo ta pansi pa miyala ndi tiana ta nsomba. Sufuna matope, sufuna madzi oima. Umafuna mwala wokhala ndi mpata, mchenga woyera ndi madzi oyenda pang'onopang'ono. Ndinawauza kuti mabuku athu amati nsomba imeneyi imakhala kunyanja ndi mu Shire, ndiye kuno kumtunda inafika bwanji? Anandiyankha kuti, "Nanga ine ndinafika bwanji? Tonse tinangopezeka kuno. Musaifunse zambiri, ingachite manyazi."

Kagwidwe kawo kanali kosavuta. Anali ndi nsungwi yaitali ngati mkono, yobowola mfundo zonse, imene anachoka nayo kwawo. Ankaiika pansi pa madzi pakati pa miyala, n'kuipsinja ndi mwala, osaikamo nyambo. Mkunga ukaona mpata wabwino chotero umalowamo n'kuyesa nyumba. Pakapita masiku atatu ankalowa m'madzi mwakachetechete, kutseka mbali zonse ziwiri ndi zikhatho nthawi imodzi, n'kuitukula. Ukachedwetsa dzanja limodzi, watuluka. Ukafuna kuugwira ndi manja, umabwerera chambuyo minga ija n'kukucheka. Ndinachekedwa kawiri ndisanamvere. Koma ambiri amene ankawatukula ankangowayang'ana, kuwayeza ndi dzanja, n'kuwabwezera. Ankatenga umodzi patalipatali, makamaka Abiti Saidi akayamba kukhala chete masiku angapo, osadya bwino, maso ali kum'mwera. Ankauwamba pamoto wa zitsononkho, mafuta ake akuchucha, ndipo mayiyo akadya ankayamba kuyankhula za abale ake mmodzimmodzi. Tsiku lina Che Amidu anandiuza kuti, "Alangizi, esiteti ija ndi ya eni ake, nyumba ndi ya eni ake, ngakhale khasu. Koma ndikakhala pamwala pano ndimakhala ndili kwathu. Eni esiteti akanena kuti tisamukire kwina ndimakana chifukwa cha dziwe ili."

Chaka cha 2000 anthu ena a mudzi wakumtunda anabwera ndi matumba a katupe, mankhwala a kutchire aja amasinja n'kuthira m'madzi kuti nsomba zonse ziledzere ziyandame. Abiti Saidi anathamanga kudzandiitana. Ndinafika ndi ukali wanga wonse, zolembera ziwiri pathumba, kuwawerengera malamulo ena oona ena ongopeka pomwepo, mpaka ananyamula matumba awo. Che Amidu anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ine pokondwa ndi kupambanako ndinalankhula mawu amene palibe anandipempha. Ndinati, "Che Amidu, ine ndili pano, Pamiyala palibe adzapakhudze. Ndalonjeza." Iwo anati, "Mwalonjeza, alangizi." Mawu amenewo muwasunge, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo.

2002

Za njala ya chaka chimenecho munamva. Iwe Chisomo unali kumsana, sungakumbuke. Anthu anadya mizu ya nthochi, anadya gaga wosakaniza ndi utuchi, anadula chimanga chisanakhwime, ndiye zokolola zinakhalanso zochepa. Pofika Seputembala nkhokwe zinali mbee. Matenanti ndiwo anavutika koposa, poti phoso la pa esiteti linkabwera mwa apo ndi apo. Ana a Che Amidu tsitsi linayamba kufiira.

Ndiye kunabwera bungwe lina ndi ntchito yolipira chimanga. Linagwirizana ndi ofesi yathu kuti timange damu m'dambo lina, mtunda wosakwana kuyenda theka la ola kuchokera Pamiyala, loti anthu aziwetamo nsomba ndi kuthirira madimba. Woyang'anira ndinali ine. Anthu a midzi inayi ndi matenanti omwe anabwera ndi makasu ndi malichero, ena akugwa ndi chizungulire. Khoma la dothi linakwera bwino. Chinatsala ndi potulukira madzi, pamene pamayenera kuyalidwa miyala, apo ayi mvula yoyamba ikanakokolola khoma lonse. A bungwe ananena poyera kuti chimanga chachiwiri, chomwe chinali chochuluka, chibwera akadzaona miyala itayalidwa. Pamapepala tinalemba kuti miyala idzachokera kuphiri lina la kutali, pa lole ya boma. Loleyo inalipo, dizilo ndiye kunalibe. Ngolo zinalipo, ng'ombe ndiye anthu anali atagulitsa kapena kuberedwa. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakumadzulo.

Lolemba a Pofika-Lachisanu anandiitanitsa pamsewu. Anakhala m'galimoto chitseko chili chotsegula, nkhope yotopa.

"Lole iwalani," anatero. "Ndayesa konse. Kodi kufupi ndi damuko kulibe miyala ina, yoti anthu n'kusenza pamutu?"

Akanakhala kuti analamula, bwenzi lero ndikugona tulo. Koma anangofunsa. Pamiyala sankapadziwa, sanapondepo n'kamodzi komwe. Anthu a m'midzi ankapadziwa, koma panali pochapira ndi potunga amayi awo, ndipo ankadziwanso kuti alangizi amapaikira kumbuyo, ndiye palibe anapatchula. Ndikanangoti kulibe, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinaima nditagwira chishalo cha njinga, ndikuona nkhope za amayi amene m'mawa womwewo anandifunsa kuti chimanga chifika liti. Ndinaonanso kamphuno kaja kakusuzumira mumng'alu. Sindinganame kuti ndinaganiza nthawi yaitali.

"Ilipo, bwana," ndinatero. "Kumtsinje."

"Yokwanira?"

"Yokwanira."

"Ndiye mukudikira chiyani? Pofika Lachisanu ikhale itayalidwa."

Chisankho chimenecho, ana anga, ngakhale lero nditabwerera ndikhoza kuchipanganso. Anthu anali ndi njala. Chimene chimandidya ndi chimene ndinachita pambuyo pake. Ndinapita kuchigafa, n'kuwapeza Che Amidu akukonza mikangala yoyanikira fodya. Ndinawauza kuti bwana alamula kuti miyala ya Pamiyala ichotsedwe, kuti ndakana, ndachonderera, mpaka andiopseza kuti andichotsa ntchito. Bodzalo linatuluka losalala ngati ndinalikonzekera. Anasiya mkangala uja, n'kukhala pansi. Kenaka anati, "Musadandaule, alangizi. Wantchito ndi wantchito. Ife timazidziwa." Anandipepesa iwo, ine wolakwa.

Lachitatu m'mawa anthu anatsikira Pamiyala ndi nkhata pamutu. Che Amidu anali pamzere womwewo, poti nawonso dzina lawo linali pa chimanga. Ndiwo ankalowa m'madzi kuzula miyala ya pansi, chifukwa ena onse ankaopa njoka zija. Mwala uliwonse asanautukule ankayamba apisa dzanja pansi pake pang'onopang'ono, ngati munthu wogogoda pakhomo. Madzi oyera aja pofika masana anali phala. Mikunga inayamba kutuluka, kuthawira uku ndi uku, kusowa polowa. Amuna ena amene kale ankaithawa anayamba kuikhapa ndi zikwanje, njala itawaphunzitsa kuti ndi ndiwo. Che Amidu sanaletse munthu. Anangotola isanu ndi umodzi yamoyo n'kuiika mu ndowa, manja akutuluka magazi ndi minga ija. Ine ndinaima pamtunda ndi kabuku kanga. Atadutsa pafupi nane, mwala uli paphewa, anaima pang'ono n'kunena motsitsa, osandiyang'ana:

"Bwana wanu ali ndi maso akuthwa, eti alangizi? Kuona miyala ya pansi pa madzi ali pamsewu."

Ndinaseka. Tangoganizani, ndinaseka, ngati anena nthabwala. Iwo anakonza mwala uja paphewa n'kupitiriza ulendo.

Mikunga ya mu ndowa ija tinakaithira m'damu latsopano madzi atayamba kulowa, n'kuikamo timiphika tosweka kuti ibisalemo. Ndinkadziwa kuti n'zachabe, m'damumo munali matope okhaokha. Sitinaionenso. Miyala inayalidwa pofika Lachisanu, chimanga chinabwera sabata yotsatira, ndipo amayi anavina pakhoma la damu mpaka fumbi koboo. Mvula itagwa khomalo linapirira. Bwana anandilembera kalata yondiyamikira, imene ili mufayilo yanga yobiriwira. Koma Pamiyala, popanda miyala yogwira gombe, madzi a dzinja limenelo anagumula m'mbali, mkuyu umodzi unagwa, ndipo mchenga ndi matope a m'minda zinadzaza dziwe lonse. Pofika Meyi pamene tinkakhala paja panali poti mwana n'kuwoloka osanyowa mawondo.

2003

Lachisanu ndinasiya kutsikira kumtsinje. Ndinkati ntchito yachuluka. Tikakumana pamsika Che Amidu ankandilonjera monga kale, kufunsa za amayi anu ndi za ana, ine n'kumayankha maso ali pa tayala la njinga. Kangapo konse ndinanyamuka kuti ndikawauze zoona, n'kukhotera kwa mlimi wina panjira.

Fodya atagulitsidwa, mu Ogasiti, Abiti Saidi anauza amayi anu kuchigayo kuti akuchoka. Sankapita kwawo ayi, zinthu sizinawayendere zoti n'kubwerera nazo kumudzi. Ankapita ku esiteti ina cha ku Kasungu. Anati amuna awo akuti palibenso chowasungira kuno. Anatchula ndi tsiku lomwe, Loweruka, ndipo anati adzadutsira kunyumba kwathu kudzatsazika. Loweruka limenelo ine ndinadzuka m'mawa, kupopa njinga, ndi kuuza amayi anu kuti kuli alimi ku Nsaru amene nsomba zawo zikufa. Kunalibe nsomba imene inkafa. Ndinakakhala tsiku lonse pa sitolo ina ndikumwa tiyi wozizira.

Nditabwerako ndinapeza nsungwi ija itatsamira pakhomo. Amayi anu anali akupeta mpunga, osandiyang'ana. Anati, "Anakudikirani kuyambira m'mawa mpaka lole inachita kuwaimbira hutala. Akuti nyumba iyi muisunge, mwina eni ake adzabwerera." Anapeta kawiri katatu, n'kuwonjezera kuti, "Nsomba za ku Nsaru zachira?" Sanandifunsenso mpaka lero.

2004 mpaka 2021

Za Nambuma, za Nsaru ndi za kubwerera kwanga ku Namitete ndidzalemba pazokha, poti kumeneko kunali mabwana ena ndi mavuto ena. Pano ndingonena kuti kulikonse kumene ndinkasamukira, nsungwi ija inkakwera nawo lole, ndipo sabata yoyamba ndinkayendera mitsinje ya kumeneko kufunafuna dziwe la miyala ndi madzi oyera. Ndikalipeza ndinkaitchera. Ndinatukulamo nkhanu, achule, kamlamba kamodzi, ndipo ku Nambuma njoka yeniyeni imene inatsala pang'ono kundimaliza. Mkunga sindinauonenso. Mitsinje yake inkaipiraipira chaka ndi chaka, anthu akulima mpaka m'gombe, mitengo itathera m'zigafa. Anzanga a ntchito ankanditcha a Mkunga, ena akuganiza kuti ndikufuna chizimba. Matenanti onse ochokera kum'mwera amene ndinkakumana nawo ndinkawafunsa za Che Amidu a ku Liwonde, aatali, akachipewa koyera. Wina anati anawaona ku Mchinji. Wina anati anabwerera kwawo. Wina anati anamwalira, koma atafotokoza bwino anapezeka kuti akunena Amidu wina wamfupi. Ndimawasowa, ana anga. Ndakhala ndi anzanga ambiri, a kumpingo ndi a kuntchito, koma munthu wokhala naye pamwala maola awiri osayankhula, mtima uli m'malo, ndinali naye mmodzi yekha.

2023, Mpingu

Chaka chathachi, mu Okutobala, ndinakwera minibasi mpaka ku Kabudula, kenaka kabaza. Amayi anu anaona ndikukulunga nsungwi m'chitenje, anangondiikira mbatata yootcha m'chikwama. Damu lija lilipo, ngakhale lakwiririka theka. M'munsi mwake muli madimba a tomato ndi mpiru obiriwira bwino, ndipo mayi wina amene ankathirira anandiuza kuti ana ake onse anaphunzira ndi dimba limenelo. Sanandizindikire. Miyala ija ili pomwe tinaiyala, yakuda, youma, mbuzi zikudumphapo. Ndinaisisita umodzi, sindikudziwa chifukwa chake.

Pamiyala dzina lokha ndilo linatsala, ndipo achinyamata a kumeneko sadziwa kuti linachokera pati. Mkuyu wachiwiri uja anaudula. Koma kumunsi pang'ono, pansi pa gombe, ndinapeza kadziwe kolekeza m'mawondo, kokhala ndi miyala itatu imene tinaisiya chifukwa inali yolemera. Ndinavula nsapato, kupinda buluku, n'kuika nsungwi pakati pa miyalayo monga anandiphunzitsira. Ndinagona masiku atatu kwa mphunzitsi wina wa kumpingo kwathu. Tsiku lachitatu linali Lachisanu. Ndinalowa m'madzi masana, pang'onopang'ono, n'kutseka mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Nditaitukula inali yolemera. Mayo ine! Ndinatuluka nayo osapuma, ndikuyankhula ndekha kuti abwerera, Che Amidu, eni ake abwerera. Ndinagwada pagombe n'kuchotsa dzanja limodzi. Munatuluka madzi, kenaka mchenga. Ndinaigwedeza, ndinasuzumiramo, kuwala kukuonekera mbali inayo. Munali mchenga wokhawokha.

Ndiye nayi ntchito imene ndikukusiyirani. Nsungwi imeneyi musadzaisonkhezere moto, musadzaiike m'bokosi langa. Iwe Tadala umayenda ndi ntchito yako mpaka kum'mwera. Tsiku lina udzapatuke ku Liwonde, udzafunse m'midzi ya m'mbali mwa Shire za a kwa Che Amidu amene anakalima fodya ku Kabudula, akazi awo Abiti Saidi. Ukadzapeza iwowo, kapena mwana wawo, kapena manda okha, udzapereke nsungwiyo kuti ikalowe m'madzi a kwawo, kumene mikunga ikadalipo. Ndipo udzanene mawu awa momwe ndawalemberamu, osawakometsa: miyala ija anailoza ndi bambo anga, bwana sanalamule.

Che Amidu ankadziwa kale, anandiuza mwala uli paphewa. Chimene anadikira pakhomo panga kuyambira m'mawa mpaka lole kuimba hutala chinali choti achimve pakamwa panga, ndipo ine ndinali nditakwera njinga.